Mamilimita angati a suspension okwanira kutsika miyala ya phiri la Zomba?

MtsetseWaMulunguzi
Akuluakulu, moni nonse. Ndithandizeni nzeru ndisanatulutse ndalama. Ndikufuna njinga yotsikira njira za m'nkhalango ya phiri la Zomba, kuchokera cha ku Ku Chawe mpaka m'tauni, osati pa tala ayi, koma muja muli mizu ya paini, miyala yogubuduka ndi zigwembe zokumbidwa ndi madzi a mvula. Ndimalemera 82 kg nditavala zonse, msinkhu 178 cm. Njinga zilipo zitatu. Yoyamba ndi yatsopano, yopanda shock kumbuyo, foloko ya sipulingi ya 120mm, matayala a mainchi 29. Yachiwiri ndi yogwirapo kale ntchito, ya 2019, ili ku Joni, 170mm kutsogolo ndi 160mm kumbuyo, shock yake yalembedwa 230x65. Yachitatu ndi ya pa kaunjika, ili ndi chisipulingi chofiira pakati, matayala 26, yotchipa kwambiri. Mamilimita a mmene foloko ndi shock zimafinyikira, okwanira ndi angati? Nanga 170 siyochuluka kwa munthu amene phirilo azikwera ndi miyendo yake?

Sipanala_13
Yachitatuyo ichotseni tisanapite patali. Suspension yeniyeni ili ndi mbali ziwiri. Pali sipulingi, kaya yachitsulo kaya ya mpweya, yonyamula thupi lanu. Ndiye pali damper, pisitoni yokankha mafuta kudzera m'timabowo kuti sipulingiyo isabwerere mwaukali. Njinga zotchipa zija zili ndi sipulingi yokha. Mukagunda mwala imafinyika, kenako imakubwezerani mphamvu yonse ija, ndipo pa mtsetse ndiye kuti chishalo chikukuponyerani kutsogolo kwa chiwongolero. Mutha kuyesa pamsika pomwepo: dinikizani chishalo ndi thupi lonse, n'kuchisiya mwadzidzidzi. Ikanjanja kawiri katatu, kapena kulira kuti kho pobwerera, mulibe damper mmenemo. Chinanso, mbali ya kumbuyo imazungulira pa bawuti imodzi yodutsa m'kapulasitiki. Kakangodyeka, tayala la kumbuyo limayamba kupita uku ndi uku ngati mchira wa mlamba.

KabazaWaLunzu
Kkkk inu anthu a mamilimita. Phiri lomwelo anyamata amatsika nalo atasenzetsa njinga nkhuni zotalika kuposa munthu, giya palibe, buleki yake ndi patapata woponda pa tayala. Shock yawo ndi mawondo basi.

Nachisale29
Achimwene a kabaza, ayang'anitsitseni anyamata a nkhuniwo. Pakatsetsereka kwambiri sakwera, amayenda pambali atagwira chiwongolero, ndipo amatsata msewu. Amene afunsawa akunena zodutsa pa mizu ndi miyala ali pa liwiro. Si ntchito imodzi.

FolokoYa36
Tiyike manambala poyera. Njinga za XC, zothamangira mtunda wautali, zimakhala ndi 100 mpaka 120mm. Za trail, zokwera ndi kutsika njira za m'nkhalango, 130 mpaka 150. Za enduro, zotsikira malo ovuta koma zokweranso phiri ndi miyendo, 160 mpaka 180 kutsogolo, kumbuyo kucheperako pang'ono. Za downhill zenizeni ndi 200mm, foloko yake yogwira pamwamba ndi pansi pa khosi la felemu, monga Fox 40 kapena RockShox Boxxer. Ya 200mm muiiwale. Magiya ake ndi 7 oyandikana, chishalo chimakhala pansi, inapangidwira malo okhala ndi makina okweza anthu pamwamba pa phiri. Kuno wokukwezani ndi pikapu ya mnzanu, ndipo sadzakhalapo Loweruka lililonse.

Pa njira mwatchulazi ine ndinganene 150 kapena 160 kutsogolo, 140 mpaka 150 kumbuyo. Koma mamilimita paokha amanamiza. Onani kunenepa kwa mapaipi a foloko, aja onyezimira olowa n'kutuluka. Akakhala a 30 kapena 32mm, mukagwira buleki pa miyala amapindika pang'ono, ndipo akapindika amakakamira m'mabushi. Foloko imasiya kuyenda pa nthawi yomwe mukuifunitsitsa. Mafoloko a RockShox otchedwa Pike, Yari ndi Lyrik ndi a 35mm, Fox 36 dzina lake likunena lokha, Zeb ndi Fox 38 ndi za 38mm. Pa 82 kg, 35 kapena 36 yakwana.

Chachiwiri ndi head angle, mmene foloko yapendekera. Za XC zimakhala madigiri 67 mpaka 69, tayala la kutsogolo lili pansi pa chifuwa chanu. Potsika malo ochititsa nthumanzi mukufuna 64 kapena 65, kuti tayala likhale patsogolo ndithu. Njinga ya 140mm ya madigiri 65 imatsika modekha kuposa ya 160mm yakalekale ya madigiri 67.

Gorodi20
Ine nditsutsako. Tikulankhula ngati tili ku Stellenbosch ku South Africa komwe sitolo yokonza ma shock ili pakona. Njinga ya shock kumbuyo ili ndi ma bearing 6, 8 kapena kuposa pa zolumikizira zake, kuphatikiza mabushi a shock, ma seal a mpweya ndi damper yotsekedwa ndi mpweya wamphamvu yomwe simungatsegule ndi sipanala ya pansi pa mtengo wa mango. Ikafa pakati pa chaka mudzadikira wina wochokera ku Joni, njinga ili pakhonde. Gulani hardtail yolimba, njinga yopanda shock kumbuyo: foloko ya mpweya ya 140mm, mapaipi 35mm, madigiri 65, matayala 2.5 kapena 2.6, zonga Trek Roscoe za 2022 kupita mtsogolo kapena Marin San Quentin. Yopanda shock kumbuyo ilibe choti chife kumbuyoko.

Chiwongolero780
Hardtail pa miyala mphindi 20 osapuma? Akakolo adzakuyankhani Lolemba m'mawa. Komanso shock ya kumbuyo ntchito yake yaikulu si kufewetsa matako. Ndi kusunga tayala pansi. Tayala lomwe likudumphadumpha m'mwamba silingagwire buleki, silingakhote. Pa mizu yonyowa ya mu Febuluwale ndi pomwe mudzaone kusiyana kwake.

Gorodi20
Msewu wa Gorodi wochokera ku Livingstonia kutsikira ku Chitimba uli ndi makona 20 ndi miyala yosasimbika, hardtail imatsika bwinobwino.

Nachisale29
Gorodi ndi msewu wa galimoto, bambo. Ndi woipa inde, koma ndi wotakata, mumasankha podutsa. M'kanjira ka m'nkhalango mwala ukakhala pakati ndiye uli pakati. Koma mfundo yanu ya zokonzetsa ndi yoona, tisaitaye. Chomwe tiyenera kumvetsetsa n'chakuti hardtail mukunenayo si imene ili pa mndandanda wa amene afunsawa. Yawoyo ndi ya foloko ya sipulingi ya 120mm, ndipo ndikukhulupirira kuti tayala limamangidwa ndi kachitsulo kowonda kopinda ndi dzanja. Sipulingi yake inaikidwa ku fakitale kuyerekeza munthu wapakatikati, simungaisinthe ndi mpope. Ndi njinga yabwino yoyendera misewu ya fumbi ya ku Chelinda ku Nyika, koma si yotsikira zigwembe.

MtsetseWaMulunguzi
Zoona amayi, yatsopanoyo ndi ya kachitsulo kopinda. Wa ku Joni watumiza zithunzi zina. Foloko ndi Yari, ekiselo yalembedwa 15x110, mabuleki a mapisitoni awiri, madisiki 180 kutsogolo ndi kumbuyo, shock ili ndi kabotolo kena pambali, matayala alembedwa EXO, chikopa chopepukirapo cha matayala a Maxxis. Chishalo ndi chotsika ndi batani. Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Makaniko_Limbe
Pa pepala njingayo ndi yoyenera. Koma ya 2019 yadutsa m'manja, ndiye musalipire pa zithunzi zokha. Pezani munthu wanu kumeneko akaigwire, achite izi uku akujambula kanema.

Ayambe ndi mapaipi a foloko ndi mtengo wa shock. Apukute, ayendetse chikhadabo ponseponse. Chikhadabo chikakodwa pa chipsera, chipseracho chizidula seal ulendo uliwonse, mafuta azituluka, fumbi lizilowa. Pakakhala malo oyera ngati utoto wafufutika m'munsi pafupi ndi seal, ndiye kuti foloko inayenda nthawi yaitali youma, ndipo mankhwala ake ndi kugula mbali yonse ya pamwamba, yomwe mtengo wake umayandikira wa foloko ina.

Kenako agwire buleki ya kutsogolo n'kukankha njinga kutsogolo ndi kumbuyo, chala chili pomwe paipi ikulowa m'mwendo wa foloko. Kugogoda pamenepo ndi mabushi odyeka. Kugogoda kukamveka pakhosi pa felemu, ameneyo ndi headset, ma bearing omwe chiwongolero chimazungulirapo, nkhani yaing'ono. Akatero anyamule chishalo pang'onopang'ono ndi zala ziwiri, tayala lisanachoke pansi. Kukamveka kuti tiki, ndi mabushi a shock kapena ma bearing a zolumikizira. Agwirenso tayala la kumbuyo pamwamba, alikankhire kumanzere ndi kumanja.

Damper aiyese chonchi: atseke batani la rebound, lolamulira liwiro lomwe suspension imabwerera nalo ikafinyika, mpaka kumapeto, adinikize, aone ngati ikubwerera mwaulesi. Alitsegule lonse, ibwerere msanga. Pakapanda kusiyana, damper yatha. Ikamalira ngati munthu akuyamwa chakumwa chotsalira m'botolo, mpweya walowa m'mafuta.

Pomaliza felemu, itatsukidwa, ndi tochi: pakhosi, pomwe shock yamangidwa, ndi pa zowotcherera za mikono ya kumbuyo pafupi ndi pa mapedulo. Kamzere kakuda kowonda ngati tsitsi kotsata chowotcherera ndi mng'alu. Aluminiyamu ya njinga imaumitsidwa ndi moto ku fakitale itawotcheredwa, ndiye wowotcherera mageti sangaibwezeretse mphamvu yake. Mukaona mng'alu, bwezani moni muzipita.

WaKuJoni
Ndiwonjezere pa a makanikowa. Ikapambana mayeso amenewo, ikonzetseni konkuno isanakwere basi. Foloko ndi shock zipite kwa okonza suspension, atsegule zonse, asinthe mafuta ndi ma seal. Mudzayamba ndi njinga yomwe mukudziwa tsiku lake loyambira kuwerenga maola. Mugulenso nthawi yomweyo mpope wa shock, ma seal apadera a foloko a 35mm, ma seal a chitini cha mpweya cha shock, mafuta a m'miyendo ya foloko, mapadi a buleki mapeya atatu kapena anayi, ndi madzi omata tayala.

Popakira: chotsani madisiki pa matayala chifukwa amapindika ndi katundu wa anthu ena, ikani kapulasitiki pakati pa mapadi kuti wina akafinya buleki mapisitoni asatuluke, masulani derailleur, chosinthira magiya cha kumbuyo, muimangirire pa felemu, kutirani mapaipi a foloko ndi nsalu kenako katoni. Lisiti ikhale m'thumba mwanu, osati m'bokosi, idzafunika pa Mwanza kapena pa Dedza.

Chiwongolero780
Funso la 170 lija silinayankhidwe. Azikwera nayo bwanji mpaka ku Chingwe's Hole?

FolokoYa36
Azikwera pang'onopang'ono, afika. Njinga za mtundu umenewu zimalemera 15 mpaka 16 kg, koma chomwe chimatopetsa pa chitunda kwenikweni ndi matayala olemera a mphira wofewa, osati mamilimita 10 owonjezera. Shock yambiri ili ndi kachitsulo kolimbitsa pokwera, ingokumbukirani kukatsegula pamwamba. Ngati 170 ikukuvutanibe, ubwino wa Yari ndi woti mumasintha kamtengo ka mpweya ka m'kati, air shaft, n'kukhala 160. Kutsitsa 10mm kumaimika foloko ndi pafupifupi theka la digiri. Ine ndikanaisiya momwe ilili. Amene anapanga felemu anayeza ndi 170.

Ndipo Yari thupi lake ndi limodzi ndi Lyrik ya zaka zomwezo, kusiyana kwake kuli pa damper. Yari ili ndi Motion Control, yomwe pa miyala yotsatizana pa liwiro imauma m'manja. Mtsogolo mutha kuikamo Charger, damper ya mu Lyrik, osagula foloko ina.

KabazaWaLunzu
Nanga osangogula foloko yaitali ya 170 n'kuika pa yatsopano ija? Nkhani yatha.

Sipanala_13
Ayi ndithu. Kuchoka pa 120 kufika 170 ndi 50mm. Foloko yaitali ili ngati chitsulo chotukulira mwala, ikatalika mphamvu yokanula khosi la felemu imakula, ndipo khosi likathyoka limathyoka muli pa mtsetse. Opanga ambiri amalemba malire a foloko pa felemu iliyonse, kawirikawiri 10 kapena 20mm pamwamba pa yomwe inabwera nayo. Komanso pa mapedulo pamakwera, chishalo chimagwera kumbuyo, pokwera chitunda tayala la kutsogolo limangonyamuka. Mwinanso siingalowe n'komwe: mafoloko amenewa khosi lake ndi lonenepa m'munsi, 1.5 inchi, ndipo amafuna habu ya 15x110, kutanthauza tayala lina. Yang'ananinso kapepala ka pa felemu kapena buku lake, ambiri amalemba gulu la ASTM, muyezo wosonyeza ntchito yomwe njinga ingapirire. Gulu 3 ndi kudumpha kosapitirira 61 cm, gulu 4 ndi 122 cm, gulu 5 ndi downhill yeniyeni. Pa zomwe tikukambazi mukufuna 4.

Nachisale29
Tiyerekeze kuti yafika. Njinga ya 170 yosachunidwa imagonja kwa ya 130 yochunidwa bwino, ndiye nayi ndondomeko ya sag, kutanthauza mmene suspension imaphwera mukangokwera osayenda.

Valani zonse zomwe mumayenda nazo, ndi madzi omwe. Tsegulani mabatani a compression, olimbitsa suspension pofinyika. Poyambira pa shock ya kumbuyo, ikani psi yofanana ndi kulemera kwanu m'mapaundi: 82 kg ndi mapaundi 180, ndiye 180 psi. Pa foloko tsatani tebulo lomatidwa kumbuyo kwa mwendo wake. Popopa, muziima pa 50 psi iliyonse n'kudinikiza kangapo, kuti mpweya udutse kupita ku chipinda chachiwiri cha m'kati. Mukapanda kutero nambala ya pa mpope idzakunamizani.

Wina agwire chiwongolero. Kwerani, imirirani pa mapedulo monga mumachitira potsika, njanjani katatu, khalani phee. Mnzanuyo akankhire kamphira kozungulira ka pa paipi ya foloko ndi ka pa mtengo wa shock mpaka pa seal. Tsikani mofatsa osadinikiza, yezani ndi rula.

Apa ndi pomwe ambiri amasokoneza. Shock yanu ndi 230x65: 230 ndi utali wake, 65 ndi mmene imayendera. Sag ya 30% muiwerengere pa 65, osati pa 160. Ndiye mukufuna 19.5mm pa mtengo wa shock. Mukawerengera pa 160 mupeza 48mm, njinga idzakhala pansi ngati bakha ndipo mapedulo azigunda mwala uliwonse. Kutsogolo 15 mpaka 20% ya 170, ndiye pakati pa 25 ndi 34mm. Sinthani ndi 5 psi kutsogolo, 10 psi kumbuyo, mpaka zikwane, ndipo lembani manambalawo.

Rebound ibwere pambuyo pa sag, chifukwa mpweya ukachuluka umafuna rebound yotsekako. Werengani makiliki kuchokera kotseka. Tsikani pa kakhonde ka msewu mutakhala pa chishalo: shock ifinyike, ibwerere, idutse pang'ono kamodzi, ikhazikike. Ikanjanja kawiri, tsekani kiliki imodzi. Koma musaitseke mopitirira. Ikachedwa kubwerera, pa miyala yotsatizana mwala wachiwiri umaipeza isanadzuke, wachitatu chimodzimodzi, pofika wachisanu mwatsala ndi 40mm yolimba ngati thabwa. Munthu amaganiza kuti mpweya wachuluka, amauchotsa, zinthu n'kuipiraipira.

MtsetseWaMulunguzi
Mpope wa shock ndi wofunikadi? Wa pa filling station sungagwire, poti valavu ikuoneka ngati ya galimoto?

Nachisale29
Valavu ndi yofanana koma musayerekeze. Chipinda cha shock ndi chaching'ono ngati kapu ya tiyi, ndipo chikufuna 180 psi. Wa pa filling station safika pamenepo, ndipo pochotsa mutaya theka. Mpope wa shock umafika 300 psi ndipo umatseka valavu musanaumasule. Kaphokoso ka psii pomasula ndi mpweya wa m'paipi ya mpope, si wa mu shock. Mukaulumikizanso nambala imaoneka yotsika chifukwa mpweya wadzaza paipiyo, musaganize kuti ikudontha.

FolokoYa36
Kamphira kaja muzikaonanso mukafika pansi pa phiri. Sag ili bwino koma kamphira kakufika kumapeto pa tizigwembe tating'ono, mukumva kuti gu? Musawonjezere mpweya, ikani token imodzi, kapulasitiki kochepetsa chipinda cha mpweya kuti kumapeto kulimbe. Pa Yari mumachotsa mpweya wonse, kumasula chivindikiro cha pamwamba pa mwendo wa kumanzere, n'kumangirira token pansi pake. Kamphira kakamathera pa magawo awiri mwa atatu ngakhale pa njira yoipitsitsa, chotsani token. Kutsala ndi 10mm pa ulendo wamba ndi bwino, imeneyo ndi ya tsiku lolakwitsa.

Sipanala_13
Kwa kuno ine ndimaona shock ya sipulingi yachitsulo, coil yeniyeni yokhala ndi damper, ndi yanzeru. Ma seal ndi ochepa, mpope sufunika, siisintha khalidwe ikatentha, ndipo pa timiyala tating'ono imamata pansi.

Makaniko_Limbe
Zoona theka. Coil imalimba mofanana kuyambira poyamba mpaka pothera, ndiye imafuna felemu yomwe zolumikizira zake zimalimbitsa zokha kumapeto. Pa felemu yopangidwira mpweya izigunda kumapeto kawirikawiri, ndipo mabawuti a shock ndi amene amalipira. Sipulingi imagulidwa ndi nambala, 400, 450, 500, ndipo mukaphonya simungakonze ndi kumanga kolala, mphete yofinyira sipulingiyo. Kupitirira maulendo awiri omanga ndiye kuti sipulingi si yanu. Mukaipeza kuti ina ku Limbe kuno? Damper yake imafunabe kutsegulidwa ngati ina iliyonse. Yomwe ili pa njingayo ili ndi kabotolo pambali, mafuta ndi ambiri, kutentha siivutika nako msanga. Aisiye.

KabazaWaLunzu
Koma masewera amenewa alipo wa ku Africa kuno amene anapambanapo, kapena timangogula zitsulo?

WaKuJoni
Greg Minnaar wa ku Pietermaritzburg ku South Africa. Katswiri wa dziko lonse wa downhill kanayi: 2003, 2012, 2013 ndi 2021. Ya 2013 anapambanira kwawo komwe ku Pietermaritzburg, ya 2021 ku Val di Sole ku Italy ali ndi zaka 39. Zaka zambiri anakwera Santa Cruz V10.

Chiwongolero780
Zaka 39! Ndiye madala a pa gulu pano asamanamizire mawondo kkk.

AdminiWaGulu
Za Minnaar titsegulire ulusi wake. Tibwerere ku njinga ya a Mtsetse, sitinakambe mabuleki.

Makaniko_Limbe
Mabuleki ndiye pofooka pa njingayo. Kuchoka ku Ku Chawe kufika m'tauni mukutsika mamita oposa 500, ndipo kutsika konseko kumasanduka moto pa madisiki. Mapisitoni awiri ndi 180 pa munthu wa 82 kg, pofika pakati chogwirira chiyamba kulowa mpaka pa chala. Njira yotchipa yoyamba: disiki ya 200 kapena 203 kutsogolo ndi adapter yake yolondola, chifukwa 200 ndi 203 si chimodzi, mapadi adzadyeka mokhota. Ndalama ikapezeka, mapisitoni anayi, monga Shimano Deore M6120, SRAM Code kapena Magura MT5.

Mapadi a metallic amapirira kutentha ndi matope kuposa a resin, ngakhale amalira. Koma werengani pa disiki: ena otchipa a Shimano analembedwa kuti ndi a resin okha. Disiki ya Shimano ikafika 1.5mm yatha.

Mafuta a buleki samalani kwambiri. Shimano ndi Magura ndi mineral oil. Mukathiramo brake fluid wa galimoto, ma seal amatupa, buleki yonse yawonongeka. SRAM Code ndi ya DOT, imeneyo DOT 4 kapena 5.1 wa galimoto amagwira, koma osati DOT 5. Zalembedwa pa chivindikiro cha chogwirira, werengani musanathire. Ndipo potsika musamakoke buleki osasiya. Gwirani mwamphamvu pa malo osalala, siyani pa miyala. Buleki ya kutsogolo ikagwidwa foloko imamira, theka la mamilimita munagula aja limapita musanagunde kanthu.

Chiwongolero780
Matayala nawonso ndi suspension, ndipo ndi omwe amayamba kukumana ndi mwala. EXO kutsogolo ipirira, koma kumbuyo pa miyala yakuthwa ikani chikopa cholimba, DoubleDown ya Maxxis kapena Super Gravity ya Schwalbe. Chotsani machubu. Ndi chubu mumakakamizika kupopa 35 psi kuopa kuti limu ingalume chubu mabowo awiri aja, ndipo pa 35 psi tayala limangodumpha pa mizu. Opanda chubu, pa 82 kg yambani ndi 23 kutsogolo, 27 kumbuyo. Limu ikamagunda mwala, onjezani 2. Madzi omata 100 mpaka 120 ml pa tayala la 29. M'nyengo yotentha ya Okutobala amauma msanga, gwedezani tayala pakatha miyezi iwiri, mukapanda kumva kuti chuwa thiraninso.

Gorodi20
Mwaona? Mpope wapadera, ma token, madisiki, matayala, madzi omata. Mtengo wa njinga ndi chiyambi chabe. Ndikuumirirabe kuti amene sangakwanitse kusamala zonsezi bola hardtail yabwino.

Nachisale29
Zonse mwatchulazo hardtail yanu ikuzifunanso, kupatula shock imodzi ndi ma bearing. Ndipo ma bearing si ovuta monga mukunenera. Nambala imalembedwa pa mphira wake, 6902, 6802, 6900 ndi ena otero, ndipo ogulitsa ma bearing a makina amakhala nawo ena. Oyenera kwenikweni ndi olembedwa MAX, okhala ndi mipira yodzaza, chifukwa pa zolumikizira bearing sizungulira, imangogwedera pamalo amodzi itasenza katundu. Wamba agwira, kungoti atha msanga.

Makaniko_Limbe
Chomwe chimapha suspension kuno si miyala, ndi fumbi la Ogasiti mpaka mvula itagwa. RockShox amati miyendo ya foloko ndi chitini cha mpweya cha shock zitsegulidwe maola 50 alionse okwera, damper maola 200. Fox amati maola 125 kapena chaka. Ya maola 50 ija mutha kupanga pakhomo: chotsani mpweya wonse, masulani mabawuti awiri a pansi, gogodani, tsitsani miyendo, tsukani, nyikani timasiponji ta pansi pa ma seal m'mafuta, pakani girizi wa suspension, thirani mafuta. Pa mafoloko ambiri a 35mm a RockShox ndi pafupifupi 10 ml mwendo uliwonse, koma tsatani buku la chaka cha foloko yanu. Shock ikakhala yofinyika yokha osabwerera ngakhale mwachotsa mpweya, musaitsegule. Mpweya watsekeredwa m'chipinda chachiwiri ndipo chitini chimatha kuuluka.

Mukabwera ku phiri pukutani mapaipi ndi nsalu yoyera. Musapite nayo ku car wash kuti aiwombere ndi madzi a mphamvu, amakankhira matope m'ma seal ndi m'ma bearing. Ndowa, burashi ndi sopo wa mbale pang'ono, kutali ndi mapadi.

Nachisale29
Kanthu kena kosakhudza zitsulo. Potato Path ndi tinjira tina ta phirilo ndi njira za anthu osenza mbatata, nkhuni ndi zipatso, ena ndi ana. Njinga ya 170mm imakupatsani liwiro lomwe simulimva m'thupi. Ikani belu, pa kona yosaoneka kutsogolo chepetsani, wosenza katundu pamutu sangatembenuke msanga. Chipewa chikhale chotseka chibwano, ndi zoteteza mawondo.

MtsetseWaMulunguzi
Zikomo kwambiri akuluakulu. Ya kaunjika yatuluka, yatsopano ija yatulukanso. Nditumiza munthu akaone ya ku Joni ndi mndandanda wa a makaniko. Ikakhala ndi mng'alu kapena chipsera pa foloko, ndifunafuna hardtail ya a Gorodi. Saizi yake ndi L, ikwana?

FolokoYa36
Chilembo chisakupusitseni, L ya kampani ina ndi M ya ina. Funsani reach, mtunda woyezedwa mopingasa kuchokera pomwe mapedulo amazungulirira kufika pa khosi la felemu. Pa 178 cm mukufuna pakati pa 455 ndi 480mm, ndi stem, chitsulo chogwira chiwongolero, yaifupi ya 40 kapena 50mm. Onaninso kuti chishalo chikatsika chonse chikuchoka pakati pa miyendo, dropper, mtengo wa chishalo wotsika ndi batani uja, ikhale ya 150mm kapena kuposa. Felemu zina za zaka zimenezo paipi ya chishalo ndi yaitali, munthu wa miyendo yaifupi amalephera kuitsitsa mokwanira.

WaKuJoni
Ndipo munthu wanuyo ajambule hanger, kachitsulo kopachikapo derailleur, mbali zonse ziwiri. Ya 2019 mwina si ya UDH yopezeka paliponse, idzakhala ya felemu imeneyo yokha. Mugule ziwiri zapadera musanachoke, imodzi izikhala m'chikwama chokwera nacho pamodzi ndi allen key ya 5mm.